Nkhondo ya Dawe Imamenyedwa M'chilimwe

Aliyense amene anayendapo m'madimba a m'mphepete mwa mtsinje wa Shire ku Liwonde, kapena a m'mbali mwa Rivirivi ku Balaka, akudziwa kuti pali udzu umodzi umene umatopetsa mlimi koposa wina uliwonse. Udzuwo ndi dawe. Mwana wa sukulu amapalira bedi la mpiru Lolemba, koma pofika Lachisanu dawe waphukanso ngati kuti khasu silinapitepo. Kapinga wa pa maofesi a boma ndi pa mabwalo a sukulu nayenso sapulumuka.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. M'chaka cha 1977 katswiri wina wa ku America, LeRoy Holm, pamodzi ndi anzake, anaika dawe wa maluwa ofiirira patsogolo pa udzu wonse wowononga mbewu pa dziko lapansi, atapeza kuti amasautsa alimi m'maiko oposa 90. Kumuzindikira nkosavuta: tsinde lake lili ndi ngodya zitatu, ndipo munthu akalipotokola pakati pa zala amazimva.

Chimene ambiri sitilingalira nchakuti mphamvu ya dawe ili pansi pa nthaka. Kumeneko amabala timbatata tating'ono tolumikizana ngati mikanda pa ulusi, ndipo tambiri timakhala mosapitirira masentimita 15 kuchokera pamwamba. Pamene kambatata kamodzi kaphuka, tinzake tambiri timagona. Tsono khasu likadula ulusiwo ndi kusiya timbatatato m'dothi lonyowa, togona tija timadzuka, kalikonse nkukhala chomera pachokha. Motero mlimi wopalira mothamanga nthawi ya dzinja amabzala mdani wake ndi manja ake omwe.

Komabe dawe ali ndi adani awiri amene boma la Machinga ndi la Balaka sasowa. Woyamba ndi dzuwa. Kambatata kakafukulidwa ndi kuuma bwinobwino, kamafa. Nchifukwa chake tikuti ntchito yeniyeni ndi ya mwezi wa Seputembala ndi wa Okutobala, pamene dzuwa la ku Utale ndi ku Phalula limawotcha nthaka. Mabedi agalauzidwe mozama, zibuma ziphwanyidwe, patapita masiku angapo atembenuzidwenso, ndipo timbatata toonekera titoledwe ndi kutenthedwa. Kutitaya m'dzenje la manyowa ndiko kutisungira chaka chamawa.

Mdani wachiwiri ndi mthunzi. Dawe sakula bwino pamene masamba a mbewu zina atseka kuwala. Mbatata, maungu ndi kalongonda zikayanga bwino zimamufooketsa. Pa kapinga, tileke chizolowezi chomweta mpaka dothi kuonekera, pakuti kapinga wothithikana ndiye amapanikiza dawe. Tilekenso kuthirira mpaka madzi kudikha, chifukwa malo a chinyontho chosatha ndiwo amene iye amakonda.

Wotsala amene aphuke ndi mvula yoyamba azulidwe asanafike masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, pakuti apo amakhala asanayambe kubala timbatata tatsopano. Kuzulako kubwerezedwe masabata awiri kapena atatu alionse kufikira chakudya chosungidwa pansi chitatha. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Ofuna kupopera mankhwala ayambe afunsa alangizi a zaulimi a m'dera lawo, popeza mankhwala ambiri a udzu amangopsereza masamba a dawe, pansi posafika.

Mawu athu otsiriza apite kwa aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira maofesi. Kawirikawiri dawe amalowa pa malo atsopano atakwera ngolo kapena wilibala, m'dothi lotengedwa ku dambo ndi mu kapinga wozulidwa kwina. Musanalole kuti dothi lotere litsanulidwe pa bwalo lanu, lisefedwe ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Ndipo mphunzitsi wa zaulimi afukule dawe mmodzi wathunthu pamaso pa ana, awaonetse ulusi ndi timbatata take. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake akakafika kwawo ku Ntaja kapena ku Ulongwe adzakhala mlangizi wa dimba la makolo ake.