Mwezi ukawala ku China, geni imaima

Inu a geni amene mumaoda katundu ku Guangzhou, foni yanu ikapanda kuyankhidwa kumayambiriro kwa Okutobala musathamangire kulira kuti mwaberedwa. Anzathuwo amakhala ali ndi ana awo.

Pa kalendala yawo yakale, tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu, lomwe limagwa mu Seputembala kapena Okutobala, ndi la chikondwerero cha mwezi. Nthawi yokolola imeneyo, kuzizira kusanafike. Mabanja amasonkhana usiku kuonerera mwezi uli wathunthu. Ana amayenda ndi nyali za mapepala, agogo n'kumawalozera kalulu yemwe akuti amakhala kumweziko. Eti nakonso kalulu ngotchuka! Amagawana makeke obulungira, ena muli dzira la bakha lamchere m'kati.

Boma lidaika tsikuli kukhala holide mu 2008. Kwa wamalonda, vuto ndi loti limayandikana ndi tchuthi cha sabata yathunthu choyamba pa 1 Okutobala. Mu 2020 zidachita kugwa tsiku limodzi. Mafakitale ambiri amatseka, anthu thithithi m'masitima kupita kwawo.

Ine sindiwada ayi. Koma katundu wa Khirisimasi oderanitu mu Ogasiti, kontena siuluka.