Kaloba ndi Lamulo la Boma

Mvula ikayandikira, alimi ambiri amasowa ndarama zogulira mbeu ndi feteleza, ndipo ena amathamangira kwa anthu a kaloba. Anzathu alimi, dziwani kuti Boma linaika lamulo pa nchito yokongoza ndarama.

Lamuloli, lochedwa Money-lenders Act, linakhazikitsidwa m'Zambia m'caka ca 1938. Munthu wocita malonda okongoza ndarama ayenera kuyamba wabvomerezedwa ku bwalo la majisitireti, pambuyo pace atenge laisensi. Pangano lilembedwe, wokongola asainepo, ndipo apatsidwe pepala lace. Kulipitsa ciwongoladzanja pamwamba pa ciwongoladzanja cinzace nkoletsedwa.

Mlandu ukafika ku bwalo, ciwongoladzanja copitirira K48 pa K100 iliyonse pa caka cimayesedwa cankhanza, pokhapokha wokongozayo ataonetsa kuti cili coyenera, ndipo woweruza angathe kucicepetsa. Tsono taonani: wakaloba wokupatsani K100 nafuna K50 yapamwamba mwezi uliwonse, pa caka adzakhala atakudyerani K600. Cimanga conse ca m'nkhokwe cingathere pamenepo, ana nagona ndi njala.

Mabanki ndi makampani a ngongole zazing'ono ali ndi wowayang'anira wina, ndiye Bank of Zambia.

Cotero musanalandire ndarama, pemphani kuona laisensi, funsani zonse zimene mudzabweza, ndipo pepala lanu lisungidwe bwino. Citupa canu kapena khadi la kubanki musasiye m'manja mwa wokongoza.