Chigamba cha AI: kodi chingapirire mwera?

Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zidalowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo zinkafuna dipo. Kuno ku Mangochi, komwe achinyamata ambiri amapita ku Joni kukasaka ntchito, nkhaniyi idakhudza mabanja ambiri.

Nthawi zambiri mbava zotere zimalowera pa chiboo, kutanthauza cholakwika chomwe chidatsalira polemba pulogalamu ya kompyuta. Masiku ano mapulogalamu a AI monga ChatGPT amatha kulemba chigamba chotseka chiboocho. Koma tingadziwe bwanji kuti chigambacho nchabwino?

Msodzi wa ku Makawa akamata boti lake sakhutira nkungoliona lili pamtunda. Amalikankhira m'madzi. Akatswiri nawo amayesa chigamba m'njira zitatu. Choyamba, kodi pulogalamuyo ikuyakabe? Chachiwiri, amabwereza njira yomwe mbava ingalowere kuti aone ngati yatsekekadi. Chachitatu, amaona ngati ntchito zina zonse za pulogalamuyo zikuyenda monga kale. Apa mpomwe AI imapunthwa kawirikawiri: imatha kutseka chiboo pochotseratu mbali yofunika, ngati munthu wokhomerera chitseko ndi misomali poopa akuba.

Mu 2021, ofufuza a ku New York University adapeza kuti mapulogalamu pafupifupi 40 mwa 100 alionse omwe GitHub Copilot idalemba pa mayeso awo adali ndi ziboo. Koma zinthu zikusintha. Mu August 2025, ku Las Vegas kudatha mpikisano wa AI Cyber Challenge womwe bungwe la DARPA la boma la America lidakonza. Okonzawo adabisa dala ziboo m'mapulogalamu enieni, ndipo makina a opikisana adapeza 54 nkutseka 43. Gulu la Team Atlanta lidapambana madola 4 miliyoni.

Komabe, kukhoza mayesowa sikutanthauza kuti zonse zatha. Chigamba chikhoza kutseka njira imodzi yomwe oyesa akuidziwa, ina yoyandikana nayo nkukhalabe yotsegula. Nchifukwa chake munthu wodziwa ayenera kuchiwerenga chisanagwiritsidwe ntchito.

Inu amene mukuphunzira za makompyuta, mawa mudzalemba mapulogalamu osunga fizi ya ophunzira, mbiri ya odwala kapena ndalama za amayi ogulitsa usipa. Gwiritsani ntchito AI, koma chigamba chake muzichiyesa nokha musanakweze anthu m'botimo.