Canada: kodi ophunzira zaumoyo ngokonzeka kuthandiza odwala a transgender?

Ku North York, mumzinda wa Toronto, kuli sukulu ya anamwino ya York University komanso chipatala cha North York General, komwe madokotala achinyamata amasulidwa. Ena mwa odwala omwe ophunzirawa akumane nawo ndi a transgender, anthu omwe anabadwa amuna koma amadzimva kuti ndi akazi, kapena anabadwa akazi koma amadzimva kuti ndi amuna.

Lamulo la chigawo cha Ontario linaletsa kuwasala mu 2012, ndipo boma la Canada linatsatira mu 2017. Koma maphunziro anatsalira mmbuyo. Kafukufuku wa mu 2011, yemwe anasindikizidwa m'magazini ya JAMA, anapeza kuti sukulu za udokotala ku United States ndi Canada zinkapatula maola pafupifupi 5 okha pa nkhani zoterezi, pa zaka zonse za maphunziro.

Kuperewera kumeneku kumaika moyo pachiswe. Mwamuna wa transgender yemwe akadali ndi chiberekero ayenera kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero, koma dokotala wongoyang'ana dzina ndi ndevu sangaganize zomuyeza. Kafukufuku wa Trans PULSE ku Ontario anasonyezanso kuti mmodzi mwa asanu aliwonse anapewapo kupita kuchipatala atadwala mwadzidzidzi, poopa kunyozedwa.

Bungwe la Rainbow Health Ontario limaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo kaperekedwe ka mankhwala a mahomoni ndi kalankhulidwe kaulemu, kuyambira pa kufunsa wodwala dzina lomwe akufuna kuitanidwa nalo.