Kodi mumadziwa? Windows yakale imatsalira mu kompyuta

Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati laputopu ya pa loji kapena mu ofesi yanu ku Chintheche mwangoisamutsira kumene ku Windows 11, dziwani kuti yakaleyo sinachoke. Yabisala mu foda ya Windows.old pa drive C, ndipo ikudya magigabayiti ambiri pomwe zithunzi za alendo kunyanja zikusowa pokhala.

Sinatsale pachabe ayi. Imakupatsani mpata wobwerera ku Windows 10 ngati yatsopanoyo yavuta, monga printa ikamakana kusindikiza malisiti. Pakatha masiku 10 imafufutika yokha.

Mukafuna malowo msanga, lowani mu Settings, System, Storage, kenako Temporary files. Koma mukangoifufuta, kubwerera kwatha, choncho yambani mwayesa printa ndi mapulogalamu anu onse.