Kufewetsa Thupi la Mwana Wopidiguka

 Lero sitinena za mbewu kapena za ziweto ai, koma za ana anu.

Inu a ku Lunzu ndi ku Chileka amene mubwera ndi matimati ndi chinangwa kudzagulitsa mu Blantyre, muudziwa bwino msewu uja wodzera pa Kameza, pa Chirimba ndi pa Chemusa kufikira pa Mbayani. Tsiku lina podutsa pa Mbayani dzuwa litapendeka, tayang'anani kumbali. Pamene pali mulu wa mchenga wa munthu wofuna kumanga nyumba, pomwepo mudzapeza ana. Wina akwirira tayala lakutha m'nthaka, nathamanga, naliponda, napidiguka m'malere, nagwera pamchenga. Wina aima chadodolido nayenda ndi manja. Kamtsikana kena kapinda msana chagada kufikira manja agunda pansi kumbuyo kwa zidendene, kukhala ngati uta. Mbayani ndi malo othinana, nyumba pa nyumba, ndipo bwalo lenileni loseweramo ndi losowa, koma ana sasowa pochitira. Kwanu kumudzi achita zomwezo pamchenga wa kumtsinje.

Anthu ambiri poona mwana wotere anena kuti, "Ameneyu adatemera," kapena, "Ameneyu alibe mafupa." Si zoona zimenezo. Mafupa ali nawo onse monga inu, ndipo palibe mphini imene ifewetsa thupi la munthu. Masewerawa ndi akale, ndipo maiko ena awatcha gymnastics. Adaliko pa mpikisano wa Olympic woyamba wa makono ku Athens m'chaka cha 1896. Dirilu ija akulu ambiri adaichita kusukulu, kukweza manja ndi kuwerama mphunzitsi alikuwerenga, njira zake zambiri zidachokera kwa Per Henrik Ling wa ku Sweden, amene adatsegula sukulu ya masewera a thupi ku Stockholm mu 1813. Ku Lusaka, anyamata okulira m'komboni ya Chibolya, amene adayamba kupidiguka m'fumbi monga a pa Mbayani, adakhazikitsa gulu lotchedwa Circus Zambia, lophunzitsa ana masewera omwewa mwa dongosolo. Chotero si masewera oyenera kuwanyoza. Choopsa chili pa kafewetsedwe ka thupi, pakuti pamenepo ana apwetekana okhaokha, ndipo nthawi zina apwetekedwa ndi akulu amene ayesa kuti alikuwathandiza.

Tiyambe ndi chinthu chimene muchiona tsiku ndi tsiku. Taonani mai wa pakhomo panu m'mene akhalira pamphasa potonola chimanga. Atambalala, miyendo yonse iwiri ili chiwongokere, msana uli njo, ndipo akhala choncho kufikira dengu lidzala. Posesa ndi tsache lalifupi awerama kuchokera m'chiuno, mawondo osapinda. Tsono tauzani bambo wozolowera mpando wandalema kuti akhale chomwecho. Sipapita nthawi adzayamba kubuula ndi kutsamira pa manja. Kodi maiyo adam'kankha ndani kuti afewe? Palibe. Adayamba ali kamtsikana, pang'ono pang'ono, tsiku lililonse, ndipo minofu ya kuseri kwa ntchafu idazolowera. Kufewa kwa mwana wopidiguka kubwera m'njira yomweyo.

Mnofu ndi nyama ija yofiira imene ikoka fupa. Kumathero kwake kuli mtsempha woyera wolimba wougwirizitsa ku fupa, ndipo pa mfundo iliyonse, pa bondo, pa kakolo, pa phewa, pali mitsempha ina yomanga fupa ndi fupa linzake, monga luzi limanga phaso pa mtanda. Chimene tifuna kuti chifewe ndi mnofu. Luzi la pa mfundo sitifuna kuti litamuke, pakuti likatamuka silibwerera msanga, ndipo mfundoyo ikhala yogwedera ndi yosachedwa kubinya.

Mnofu uli ndi khalidwe longa la mbuzi ya pa chingwe. Mukaikoka modzidzimutsa, iyo ilimbitsa miyendo nikokera kwina. Mukaitsogolera mofatsa, itsata. Mnofu ukakokedwa mwadzidzidzi udzikunga wokha kuti ungang'ambike, ndipo mwini wake sangauletse. Chifukwa chake kunjanja pofuna kugunda zala za kumapazi, kuwerama ndi kudzuka mofulumira, sikuthandiza mwana wongoyamba kumene. Alikulimbana ndi thupi lake lomwe. Madotolo apeza kuti pa milungu yoyamba mnofu sutalika kwenikweni ai, koma thupi lingoleka kuopa, nililola mwendo kupita patsogolo pang'ono. Ndiye kuti ntchito yake ndi ya kunyengerera.

Tsono pali china chimene ndifuna kuti mafumu achimvetsetse, pakuti ndicho chisiyanitsa mwana ndi wamkulu. Mukadya nkhuku yaing'ono mupeza kumathero kwa fupa kuli kofewa, kotafunika. Mafupa a mwana alinso ndi malo ofewa otere pafupi ndi mfundo, ndipo fupa litalikira pamenepo. Malowa auma kawirikawiri mtsikana akafika zaka 14 kufikira 16, ndi mnyamata zaka 16 kufikira 18. Asanaume, ndiwo malo osalimba koposa m'mwendo wonse, kuposa ndi mitsempha yomwe. Munthu wamkulu akakanikiza mwana mwamphamvu, mtsempha ukhoza kuzula kachidutswa ka fupa pa chiuno, kapena malo okulirawo avulala, ndipo fupa likula mokhota kapena litsalira kufupika.

Alipo ena amene anena kuti kuwongola mtengo n'kuwongola uli waung'ono, natenga mauwa ngati chilolezo chokhalira pa msana pa mwana. Mwana atangadza miyendo, mnzake wamkulu nam'tsindika pa mapewa kufikira afika pansi, iye alikulira, ena alikuseka nanena kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Inu alimi mudziwa kuti kamtengo kanthete mukakapinda tsiku limodzi kathyoka. Mukaika chochirikiza, nimukamanga pang'ono, nimudikira. Ngakhale maiko odziwa masewerawa adaphunzira mochedwa. Nadia Comaneci wa ku Romania adali ndi zaka 14 zokha pamene adapata mapointi 10 athunthu ku Montreal mu 1976, ndipo pambuyo pake maiko ambiri adathamangira kuphunzitsa tiana tating'ono mwankhanza. Kuyambira 1997 lamulo lidati mtsikana asapikisane ndi akulu asanafike chaka chimene akwanitsa zaka 16.

Nanga njira yabwino ndi yotani? Choyamba, thupi litenthe. Woyimba ng'oma saikunga ili yozizira, ayamba waiwamba pamoto. Woluka lichero aviika nsungwi asanaipinde. Ana ayambe athamanga, alumphe chingwe, avine, asewere phada kapena fulaye kwa mphindi 5 kufikira 10, mpaka thukuta liyambe kuoneka pamphumi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene chiperoni chikuta Blantyre, awonjezere nthawi. Atatero agwedeze miyendo kutsogolo ndi kumbuyo, azunguze mikono, ayende motalikitsa mapazi, kuyambira pang'ono ndi kukuza mofatsa. Pamenepo apidiguke.

Kudziwongola kokhalitsa kuchitike potsiriza, masewera atatha, thupi likali lofunda. Kale aphunzitsi ankayamba nako, koma kudapezeka kuti mnofu wokokedwa nthawi yaitali uchepa mphamvu pang'ono kwa kanthawi, ndipo mwana wofuna kulumpha afuna mphamvu yake yonse. Mwana alowe pang'onopang'ono kufikira amva kukoka, naime pomwepo, nawerenge mofatsa kufikira 20 kapena 30, alikupuma bwino. Apumule, nabwereze katatu, mwendo uwu ndi uwo mofanana. Safuna wotchi. Kukoka kumvekere pakati pa mnofu. Kukamvekera pa mfundo penipeni, kapena kukabaya ngati singano, kapena mwendo ukachita dzanzi, aleke. Chizindikiro chapafupi ndi nkhope. Mwana amene atha kulankhula ndi kuseka ali bwino, koma amene waluma mano nagwira mpweya wapitirira muyeso.

Kuseri kwa ntchafu, akhale pansi mwendo umodzi wowongoka, wina wopinda, nawerame kuchokera m'chiuno monga achitira amai ake, osati kukhotetsa msana kuti mphumi igunde bondo. Kwa mphechepeche, akumanitse mapazi ake atakhala pansi, nalole mawondo atsike okha, popanda wina kuwaponda. Kutsogolo kwa chiuno, agwade ndi bondo limodzi pa chiguduli, phazi lina patsogolo, nasendeze chiuno kutsogolo. Kwa akatumba a kumwendo, atsamire khoma ndi manja, mwendo umodzi kumbuyo, chidendene chili pansi.

Za uta uja wa msana ndinenepo zambiri, pakuti ndiwo ana aukonda ndipo ndiwo uwononga. Mwana wouma mapewa akafuna kupinda chagada, kupinda konse kugwera pa malo amodzi, m'munsi mwa msana pamwamba pa chiuno. Akabwereza tsiku ndi tsiku, kafupa ka pamenepo kachita mng'alu, monga waya uthyoka mukaupinda pamodzimodzi kawirikawiri. Choyenera ndi kufewetsa mapewa poyamba. Agwade patsogolo pa mpando kapena pa mtondo wogoneka, naike manja pamenepo mikono ili yowongoka, natsitse chifuwa pansi mofatsa. Mapewa akatseguka, utawo ugawika msana wonse. Mwana wa zaka 10 kapena 12 sayenera kudandaula msana ngati nkhalamba yochokera ku munda. Akadandaula, pali chimene chalakwika.

Achite zimenezi masiku atatu kapena anai pa mlungu. Kusintha kuoneka patapita mwezi kapena mwezi ndi theka, ndipo kutangadza kufikira pansi kutenga miyezi yambiri. Ena safika konse, pakuti mfundo za chiuno sizipangidwa mofanana mwa anthu onse, ndipo si ulesi. Mudzaonanso kuti mwana amene chaka chatha ankapindika ngati mlaza, chaka chino wauma. Musam'dzudzule. Pa msinkhu wothamanga kukula, atsikana pafupi zaka 11 ndi 12, anyamata 13 ndi 14, mafupa atalika msanga ndipo minofu itsalira m'mbuyo. Imeneyo ndiyo nthawi yochepetsa kulumpha, pakuti kupweteka kwa pansi pa bondo ndi kwa chidendene kuchuluka pa zaka zomwezo.

Aliponso mwana wobadwa wofewa kale, amene chala chake chachikulu chigunda mkono, ndi zigongono zipindikira kumbuyo. Anzake am'tama, namuuza kuti aonetse alendo. Ameneyu safuna kufewetsedwanso ai, afuna mphamvu yogwira mfundo zake. Akwere mitengo yaifupi, ayende ngati chule, adzikankhe ndi manja pansi. Kunena zoona, kudziwongola pakokha sikutchinjiriza mwana aliyense ku ngozi. Chim'tchinjiriza ndi mphamvu, kutera bwino mawondo atapinda, ndi pogwera pofewa.

Mphamvuyo ichokera m'mbale. Mwana wopidiguka madzulo onse atadya chimanga chokazinga chokha sangamange mnofu. Inu amene mulima mtedza, nyemba, nandolo ndi soya, musagulitse zonse pa msika. Nsinjiro m'phala, dzira, usipa wodyedwa ndi minga yake yomwe, ndi masamba, ndizo zimanga mnofu ndi fupa. Madzi akumwa akhale pafupi.

Kwa inu mafumu, pempho langa ndi laling'ono. Muli ndi bwalo la milandu limene likhala chabe masiku ambiri. Patulani ngodya imodzi, anyamata achotse miyala, zitsa ndi magalasi osweka, nathire mchenga wokuya, ndipo aziutipula ndi khasu pakuti mchenga wopondedwa uuma ngati njerwa. Pakhale munthu wamkulu mmodzi wofatsa woyang'anira, ndipo lamulo lake likhale lakuti palibe wokhala pa mnzake kapena kum'kankha. Mafumu a m'makomboni monga Mbayani angakambirane ndi aphunzitsi aakulu ndi a mipingo za malo otere. Atsikana apatsidwe nthawi yao, ndipo mai mmodzi akhalepo.

Mwana akatsimphina, akatupa pa mfundo, akamva kupweteka pa mfundo ya dzanja poima chadodolido, kapena ululu ukapitirira mlungu umodzi ngakhale wapumula, mupite naye kuchipatala chapafupi. Musateme mphini pa chotupacho, ndipo musachikoke kuti muchiwongole. Ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mwana apumule. Zikakula, a chipatala chaching'ono adzakutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo mu Blantyre momwemo muli chipatala cha Beit CURE, chotsegulidwa mu 2002, chimene ntchito yake yaikulu ndi mafupa a ana.

Koma mwana akagwera mutu kapena khosi, nanena kuti khosi lipweteka, kapena manja ndi miyendo zachita dzanzi, musam'dzutse, musam'khazike, ndipo musam'bereke kumsana kapena kum'kweza pa njinga. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke. Ngati ambulansi palibe, anthu anai kapena asanu am'sendeze pamodzi pa chitseko, mutu, khosi ndi msana zili pa mzere umodzi, nam'nyamule chomwecho kufikira pa galimoto.