KODI KOMPYUTA YA DZINA LOCHUKA IYENERA MTENGO WAKE?

Tsiku lina pamene ndinali pa ulendo wa nchito m'boma la Katete, bambo wina wacikulire anandiimika pa msika nandionetsa kapepala kocokera kwa mwana wao wamkazi. Mwanayo anasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, ndipo pakati pa zinthu zofunika kusukuluko panali kompyuta yonyamula m'manja, imene ambiri amaicha laputopu. Pa kapepalapo panali mitengo itatu: wotsika, wapakati ndi wokwera kwambiri. Wokwerawo mwanayo anaulemba mzere kunsi kwake, cifukwa anzake anamuuza kuti kompyuta yeniyeni ndi ya dzina lochuka.

"Bwana, inu mumayenda nao makina amenewa," anatero bambowo. "Kodi ndigulitse ng'ombe?"

Funso limeneli si la bambowo okha. Aphunzitsi, alembi a makopaletivu, anamwino a m'zipatala za kumidzi ndi makolo a ana a m'makoleji onse akumana nalo. Cotero ndi bwino kuti tikambirane mofatsa cimene munthu amagula akalipira ndalama zambiri, ndi cimene amataya akathamangira zochipa.

MTENGO WAKE M'MATUMBA A CIMANGA

Dzina limene limamveka kwambiri pa makompyuta odula ndi la Apple, kampani ya ku America imene inayamba m'caka ca 1976. M'caka ca 2025 laputopu yake yochedwa MacBook Air inali kugulitsidwa pa madola 999 ku America komweko. M'ndalama zathu mtengo umenewu unaposa K20,000, tisanawerengere zonyamulira, msonkho ndi phindu la wamalonda. M'caka comweco bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Ndiye kuti mlimi anayenera kutulutsa matumba pafupifupi 60 kuti apeze kompyuta imodzi.

Makampani ena monga HP, Dell, Lenovo ndi Acer ali nao makompyuta odula motero, koma amapanganso ena amene mtengo wake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umenewu, mwinanso kucepera apo. Tsono kusiyana kwa matumba 60 ndi matumba 20 kwagona pati?

CIMENE CIRI M'KATI

Coyamba tiyenera kudziwa kuti dzina limene liri pa civundikiro kawirikawiri si la amene anamanga makinawo. Malaputopu ambiri a pa dziko lapansi amamangidwa ndi makampani owerengeka a ku Taiwan, monga Quanta ndi Compal, m'mafakitale a ku China ndi maiko ena a ku Asia. Kampani imodzi imamanga makompyuta a maina osiyanasiyana, odula ndi ochipa omwe. Cimene cimasiyanitsa ndi zipangizo zimene mwini dzina walamula kuti ziikidwemo.

Zipangizo zazikulu ziripo zitatu. Coyamba ndi purosesa, amene ali ngati ubongo wa makinawo, ndipo m'makompyuta ambiri amacokera ku makampani awiri, Intel ndi AMD. Caciwiri ndi RAM, imene tingaifanizire ndi mphasa yogwirirapo nchito: ikakhala yaing'ono simungayanikepo zinthu zambiri nthawi imodzi. Cacitatu ndi mosungira zinthu, imene iri nkhokwe ya makalata, zithunzi ndi mapulogalamu. Nkhokwe ya mtundu wa SSD ndi yacangu ndipo siopa kugwedezeka, pamene ya mtundu wakale iri ndi mbale yozungulira m'kati imene imaonongeka msanga kompyuta ikagwa kapena ikamagunda pa njinga.

Pa nchito yolemba makalata, kuwerengera ndalama za kopaletivu, kuwerenga mabuku ndi kulowa pa intaneti, RAM ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB zikwanira. Manambala amenewa ndiwo oyamba kufunsa, dzina libwere pambuyo.

UBWINO WA YODULA

Kunena zoona, ndalama zambiri zimene munthu amalipira sizipita pa dzina lokha. Kompyuta yodula kawirikawiri thupi lake ndi la aluminiyamu m'malo mwa pulasitiki, galasi lake limaoneka bwino ngakhale pa kuwala kwa masana, ndipo mahinjesi ake sathyoka msanga. M'mwezi wa November 2020 kampani ya Apple inayamba kuika m'makompyuta ake purosesa yakeyake yochedwa M1, imene imadya moto pang'ono. Kampaniyo inanena kuti batiri la MacBook Air ya caka cimeneco lingafike maola 18 munthu akuonerera mafilimu. Kompyuta imeneyo inalibenso cokupizira mphepo m'kati, motero sinali kukoka fumbi monga acitira makina ena.

Izi si zinthu zazing'ono kwa ife. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Kwa munthu wodalira sola yaing'ono, batiri losunga moto tsiku lathunthu ndi cuma. Ndiponso kwa munthu amene amadyera pa kukonza mafilimu, kujambula mapulani a nyumba kapena kukonza nyimbo, makina amphamvu amabweza ndalama zake, pakuti nthawi imene akanataya podikira amaigwiritsa nchito.

MBALI INA YA NKHANI

Komabe akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa MacBook Air, RAM ndi nkhokwe zinamatidwa ku bolodi lalikulu la makinawo, kotero kuti simungazionjeze kapena kuzisintha pazokha. Cimodzi cikafa, kawirikawiri bolodi lonse liyenera kusinthidwa, ndipo mtengo wake ndi waukulu. Masipeya ake ndi anthu odziwa kukonza apezeka kwenikweni m'mizinda ikuluikulu, ndipo kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali mtunda woposa makilomita 500. Mwana wa sukulu amene kompyuta yake yafa sabata ya mayeso sathandizidwa ndi kukongola kwa civundikiro.

Ndiponso mtengo wokwera sutanthauza kuti cinthu ciribe cilema. Pakati pa 2015 ndi 2019 kampani ya Apple inaika pa malaputopu ake kiyibodi ya mtundu watsopano imene mabatani ake anali kukakamira kafumbi kakalowa pansi pake. Madandaulo atacuruka, m'caka ca 2018 kampaniyo inayamba kukonza makiyibodiwo kwaulere, ndipo m'caka ca 2022 inavomera kulipira madola 50 miliyoni pothetsa mlandu umene ogula a ku America anaisumira.

Cinanso ndi cakuti makompyuta a Apple amayendera pulogalamu yaikulu yaoyao, yosiyana ndi Windows imene iri m'masukulu ndi m'maofesi ambiri. Word ndi Excel zipezeka konsekonse, koma mapulogalamu ena a maphunziro ndi a nchito anapangidwira Windows yokha. Wophunzira ayenera kufunsa aphunzitsi ake asanagule.

NGOZI YA YOCHIPITSITSA

Tisaganize tsono kuti yankho ndi kugula yotsika mtengo koposa zonse. Makompyuta ochipitsitsa ambiri ali ndi RAM ya 4 GB ndi nkhokwe ya 64 GB cabe, ndipo amenewa ndi malire a pansi penipeni amene Windows 11 imafuna kuti iyende. Pulogalamuyo ikangodzionjezera zatsopano, nkhokwe yadzaza, ndipo munthu amayamba kudikira nthawi yaitali kuti kalata imodzi itseguke. Pa ambiri a iwo zipangizozi n'zomatanso, motero palibe coonjezapo.

Tiyeni tiwerenge mwa citsanzo cabe. Kompyuta ya K6,000 imene yatha nchito patapita zaka ziwiri yakudyerani K3,000 pa caka. Ya K12,000 imene yakhala zaka zisanu ndi cimodzi yakudyerani K2,000 pa caka. Ya K28,000 imene yakhala zaka zisanu ndi ziwiri yakudyerani K4,000 pa caka. Mitengo ya m'masitolo imasintha, koma kawerengedwe kake ndi komweka: gawani mtengo ndi zaka zimene cinthuco cidzakutumikirani.

NJIRA YA PAKATI

Makolo athu anadziwa nzeru imeneyi pa njinga. Panali njinga zochuka za kunja monga Humber ndi Raleigh, panalinso za Eagle zimene zinali kupangidwa ku Chipata konkuno. Mlimi wanzeru asanagule anali kufunsa ngati cheni, masipoko ndi matayala ake apezeka pa Boma, ndiponso ngati wokonza njinga wa pansi pa mtengo aidziwa.

Pa makompyuta, njira imeneyi imatifikitsa ku mitundu imene inapangidwira maofesi: ThinkPad ya Lenovo, Latitude ya Dell ndi EliteBook kapena ProBook ya HP. Dzina la ThinkPad linayamba ndi kampani ya IBM m'caka ca 1992, ndipo linapita kwa Lenovo ya ku China m'caka ca 2005. Makampani akuluakulu a kunja amagula makompyuta otere mwaunyinji, nawagulitsa patapita zaka zowerengeka, ndipo ambiri amafika kuno monga salaula. Matupi ake ndi olimba, masipeya ake ndi ofala, ndipo pa ambiri batiri, RAM ndi SSD zimasinthika ndi sikuludiraiva cabe.

Koma salaula ifuna maso. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka cithandizo cake ca nthawi zonse pa Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena woposa apo. M'badwowo umaoneka pa nambala yake: i5-8250U ndi wa 8, pamene i5-6300U ndi wa 6. Manambala oyamba ndi 10, 11 kapena 12 ndi a mibadwo yapambuyo pake. Wogula kompyuta ya m'badwo wakale agula cinthu cimene citetezo cake catsalira.

MUSANATULUTSE NDALAMA

Safunsa anadya phula. Pitani ku sitolo ndi munthu wodziwa makina. Uzani wogulitsa ayatse kompyutayo, aonetse manambala a purosesa, RAM ndi SSD pa galasi lake lenilenilo osati pa katoni. Cotsani chaja muone mmene batiri likutsikira. Yesani batani lirilonse, kamera ndi pobaya fulashi. Ngati ndi ya Apple yogwirapo kale nchito, onetsetsani kuti mwini wake woyamba anacotsamo akaunti yake, pakuti yokhomedwa simungaitsegule, ndipo mwina ndi yakuba. Landirani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi miyezi ya galanti. Wamalonda akakana kukonza kapena kusintha cinthu coonongeka cimene anakugulitsani, lisitiyo ndiyo mudzaonetse ku bungwe la Boma loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission. Pa ndalama zanu siyaniponso zogulira cikwama cokhuthala ndi kacipangizo koteteza makina magetsi akabwera ndi mphamvu yoposa.

Bambo a ku Katete aja ndinawafunsa nchito imene mwana wao akacite ndi kompyutayo. Anati kulemba maphunziro, kuwerenga mabuku ndi kukonza zophunzitsa. Ndinawauza kuti pa nchito yotere mtengo wapakati uja ukwanira, malinga manambala ake akhale amene tachula, ndipo wokonza apezeke pafupi ndi koleji. Anapinda kapepala kaja nakaika m'thumba la jekete, nati akauza mwanayo kuti ng'ombe ikhala m'khola, pakuti mvula ikagwa pafunika kulima kuti fizi ya caka camawa ipezeke.